Lipoti la ku msonkhano wa makalabu okonza magalimoto, mawayilesi ndi mfuti zakale za nkhondo

A tcheya ndi abale nonse, ndabwerako bwino. Ndiyambe ndi zomwe ena mwayamba kale kunong'onezana: malisiti onse ndasiya kwa a msungichuma, ndipo tsiku lachitatu lija silinali lokayenda ayi, ndi tsiku lomwe anatilowetsa m'magaraja.

Tsiku loyamba kunali zolankhula za akuluakulu, inshuwalansi ndi malipoti a chuma. Mapepala ake ali ndi a mlembi, amene akusowa tulo akabwereke.

Zenizeni zinayamba tsiku lachiwiri. Bambo wina wachikulire anaimika ma jeep awiri, Willys MB ndi Ford GPW, nkuti tisiyanitse. Ine ndinkangoti ndi amodzi, paja onse pamodzi anapangidwa oposa 600,000 pakati pa 1941 ndi 1945 ndipo masipeya ake amalowana. Anatigoneka pansi tonse. Chitsulo chopingasa chija cha pansi pa radiyeta, pa Willys ndi chozungulira ngati paipi, pa Ford ndi chopinda ngati U wozondoka. Kenako anapukuta mutu wa bawuti ndi chala, kunatuluka ka F kopendekera, eti Ford ankadinda kachilembo kameneka pafupifupi paliponse mpaka pa mabawuti. Apa mtima unandiwawa abale, ndinakumbukira chitini cha mabawuti chomwe chinatayidwa m'garaja mwathu chaka chatha akuti ndi adzimbiri tigula atsopano onyezimira. Ndinanena kuti tiwaviike kaye mu oyilo tione, munandiseka kuti ndimakonda zinyalala. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa.

Msonkhano wagwirizana kuti kalabu iliyonse ikhale ndi kaundula, galimoto isanachotsedwe penti ilembedwe nambala ya chasisi ndi ya injini, ijambulidwenso mbali zonse. Ndinakweza dzanja ndisanakufunseni, mundikhululukire, koma pansi pa penti ndi pomwe pamabisala manambala a gulu la asilikali lomwe linkayendera galimotoyo, ukangopala ndi galayinda mbiri yonse yapita. Ndiye jeep yathu isakhudzidwe mpaka tijambule. Ndipo penti ya nthawi imeneyo inali yosawala, ankaopa kuonekera kwa adani, ija yonyezimira inagulidwa popanda komiti kukumana ibwezedwe basi.

Za magetsi kunali mkangano ndithu. Ena amafuna kuti galimoto yosinthidwa kukhala ya 12 volt isamapikisane nawo m'gulu la magalimoto omwe akadali monga anapangidwira, sanamvane, aziyimika kaye mpaka chaka chamawa. Ine maganizo anga mukuwadziwa. Jeep ya 6 volt imalira bwinobwino, vuto ndi loti timaika mawaya a batire opyapyala a galimoto zamakono pomwe sitata ya 6 volt imakoka moto wambiri, imafuna waya wonenepa ndi efu yopalidwa bwino. Ndinaona ndi maso anga, kungoponda kamodzi yalira. Tisanawononge ndalama pa alitaneta tiyese kaye zimenezi, sizovuta.

Koma chomwe chinandisowetsa tulo ndi wayilesi. Anayatsa Wireless Set No. 19, ija a kampani ya Pye anapanga mu 1940 yoika mu akasinja, iyi inali yopangidwa ku Canada, zolemba zake m'Chingerezi ndi m'Chirasha chifukwa zina zinkatumizidwa ku Soviet Union. Kamota ka mkati kaja kakayamba kulira kenako mavalavu nkutentha mawu nkumveka, thupi langa lonse linachita tsembwe. Ndiye mayi wina anatenga makina oyezera poizoni wa radiation nkuyandikiza pa mita, anangoti tetetete osalekeza. Penti ya pa manambala ili ndi radium. Inasiya kuwala usiku kalekale koma poizoniyo akadalipo, amatenga zaka 1,600 kuti achepe ndi theka. Anati osapala, osapemerera fumbi lake, osatsegula galasi la mita.

Tsono wayilesi yathu ija ili kuti? Inabwerekedwa kuti ikapukutidwe sabata imodzi, pano zaka ziwiri, ndipo ndamva kuti ili kuchipinda chogona. Nkhani iyi ndaikamba katatu pa misonkhano yathu ndipo siinalembedwepo mu maminitsi, kaya chifukwa chake nchiyani a mlembi atiuze. Ibwere, komanso munthu asailumikize ku batire chifukwa makondensa a pepala aja akakalamba amadontha moto, ukhoza kuotcha zinthu zosapezekanso.

Za mfuti zambiri zinali za malamulo. Nthumwi za ku Ulaya zimadandaula kuti kuyambira 2016 malamulo opha mfuti kuti isaombenso anakhwima, satifiketi yakale payokha sikukwanira ukafuna kugulitsa. Lee-Enfield No. 4 yathu ija ndikupempha tione mapepala ake tonse ndi maso, osati kungomva kuti alipo. Anatichenjezanso za sandipepa pa mtengo wa mfuti, imafufuta zidindo za ku fakitale, nsalu ndi mafuta a linseed zakwana.

Pa msonkhano wa Loweruka ndikupempha kaundula, wayilesi ndi penti zikhale koyambirira, osati kumapeto anthu atayamba kutuluka. Alawansi ya tsiku lomaliza sindinalandirebe a msungichuma.