Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre: kusamalira wodwala amene wachitidwa opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo

A wapampando, amayi ndi abambo anzanga a gulu lathu losamalira odwala m'midzi, ndabwerako kumene munandituma, ndipo ndayenda bwino. Za ndalama ya thiransipoti ndapereka kale kwa msungichuma.

Anatiphunzitsa ndi namwino wa kuwodi ya opaleshoni ndi mayi wina wa mafizo, omwe ndi masewera olimbitsa ziwalo zofooka. Mayiyu ndiye anandikhudza mtima, chifukwa zimene amadzudzula ndi zomwe ifeyo timachita. Wodwala akatuluka m'chipatala timamusambitsa, kumuveka, kumudyetsa phala ndi supuni, iye ali gone pamphasa. Timati ndi chikondi, koma dzanja losagwira ntchito limauma. Ubongo umaphunziranso pobwereza chinthu tsiku ndi tsiku. Choncho musiyeni atong'ole chimanga, asankhe nyemba, ateme yekha mbamu ya nsima ngakhale ikugwera pansi. Gadiyani akhale kumbali yofookayo kuti amugwire akamadzandira, koma asamukoke mkono, phewa limagweduka. Amene sangadzuke n'komwe azitembenuzidwa maola awiri alionse kuopa zilonda.

Ine sindinkadziwa kuti chotupa chikakhala kumanzere kwa ubongo, mbali yofooka imakhala ya kumanja, ndipo nthawi zambiri kuyankhula kumavutanso. Chikakhala chakutsogolo, kumphumi, munthu amatha kusintha khalidwe: waulemu uja n'kuyamba kupsa mtima kapena kutukwana. Apa mpamene achibale amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti walodzedwa. Tiyenera kuwafotokozera msanga, asanagulitse mbuzi.

Pa mankhwala namwino sananyengerere. Oletsa kukomoka, monga phenytoin ndi carbamazepine, sasiyidwa mwadzidzidzi ngakhale munthu akupeza bwino. Chimodzimodzi dexamethasone, wochepetsa kutupa mu ubongo: adokotala amamuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo mankhwalawa amakweza shuga m'magazi. Wodwala akagwa ngati wakhunyu, mugonekeni cham'mbali, osamuika supuni m'kamwa monga tinazolowera. Zikapitirira mphindi 5, ulendo wa kuchipatala. Thamangani nayenso akatentha thupi, khosi likauma, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamasanza, akamangogona osadzutsika, kapena pabala ndi m'mphuno pakamatuluka madzi oyera.

Gawo la zakudya ndilidumphe, ndi magulu asanu ndi limodzi omwe aja timawadziwa.

Ndinafunsa za anthu athu amene sangakwanitse kupita ku chipatala cha Gulupu kapena ku chipatala cha mafizo cha Kachere sabata iliyonse. Anandiyankha kuti gadiyani aphunzire mafizowo wodwala asanatuluke, ajambule pafoni, ndipo tsiku la sikelo ya adokotala lolembedwa m'buku la kuchipatala lisaphonyedwe.

Pempho langa ndi lakuti Loweruka likudzali tikumane kusukulu, ndidzakuonetseni kadzutsidwe ka wodwala pamphasa. Mubwere ndi mphasa ziwiri ndi mpando wokhala ndi chotsamira. Tidzafunanso abambo awiri oti adzakhome ndodo ziwiri zansungwi zoti wodwala azigwira pophunzira kuyenda, pakuti anatisonyeza kutalika kwake: zizifika m'chiuno mwa wodwalayo.