Mwana wanga wothamanga ndimupezera mphunzitsi

Akonzi,

Ndine mlimi wa fodya kufupi ndi Chinkhoma kuno ku Kasungu. Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 amakonda kuthamanga. Tambala akangolira, iye ali kale m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo amabwerako dzuwa litatuluka.

Mwezi watha anayamba kudandaula kuti miyendo ikumuwawa kutsogolo, pansi pa mawondo. Bambo wina amene ankathamanga pa unyamata wake atamuona anati vuto ndi loti amathamanga mwamphamvu tsiku lililonse pa tala, osapumitsa thupi. Anati mtunda umawonjezedwa pang'onopang'ono, ndipo pa msinkhu wakewu azilimbikira mamita 3,000 ndi 5,000, za makilomita 21 zidikire akhwime kaye. Ndinamva chisoni, chifukwa ndine amene ndinkamuuza kuti aziwonjezera mtunda.

Bamboyo akufuna K15,000 pamwezi kuti azimuphunzitsa. Mayi a mwanayo akuti imeneyo ndi ndalama ya sopo, mchere ndi chigayo, ndipo sakunama. Feteleza nayenso akutidikira.

Komabe ndaganiza zomulemba ntchito bamboyo kwa miyezi itatu ndikagulitsa mabelo oyamba. Ndamuuza kuti aziphunzitsa pa bwalo la sukulu, masana, pali atsikana ena, chifukwa mwana wamkazi sindingamupereke kwa munthu m'bandakucha.

Pempho langa kwa a zamasewero m'boma lino: tiuzeni aphunzitsi amene ali ndi ziphaso, kuti makolo tisamangokhulupirira mawu a pakamwa.

Kholo,
Chinkhoma, Kasungu