Za mankhwala awiri amene adokotala akukamba

Mwana wanga,

Usiku uja utadula foni sindinagonenso. Tonse tinkalira, ndipo sindinakuyankhe bwino. Ndiye ndati ndikulembere, uwerenge mtima uli m'malo.

Wandifunsa ngati munalakwitsa penapake, poti chotupa cha mu ubongo mwa bambo a ana chayambanso kukula ngakhale anachitidwa opareshoni, anawotchedwa ndi makina masabata 6, namwa temozolomide miyezi yonse ija. Simunalakwitse. Madokotala amatsata njira imeneyo pa khansa ya mu ubongo imeneyi, glioblastoma, kuyambira 2005, pamene kafukufuku wa gulu la Roger Stupp anaonetsa kuti odwala ongowotchedwa ankakhala miyezi pafupifupi 12, koma owonjezeredwa mankhwalawa ankafika miyezi 14 ndi theka. Munachita zonse zoyenera. Matendawa ndiwo ouma mutu.

Temozolomide imang'amba DNA ya maselo a chotupa kuti afe. Tsoka lake, zotupa zambiri zili ndi kanthu kotchedwa MGMT, kamene kamasoka pong'ambikapo ngati telala, selo n'kupitiriza moyo. Ubongo nawonso uli ndi mpanda wake woletsa zinthu zambiri za m'magazi kulowa, ndipo mankhwala ambiri a khansa amathera pampandapo. Ndiponso maselo a chotupa chimodzi sakhala ofanana. Ofooka anafa ndi mankhwala oyamba aja, olimba anatsala, ndipo aphukanso ngati namsongole wodulidwa pamwamba.

Maganizo ophatikiza mankhwala ndimawadziwa. Zaka zonse zimene ndinagwira unamwino mu wodi ya TB tinkapereka mankhwala anayi nthawi imodzi, kuti kachilombo kozemba amodzi kagwidwe ndi enawo. Ma ARV nawonso ndi atatu m'piritsi limodzi. Koma usayembekezere kuti zikhala ngati za TB. Kachilombo ka TB ndi mlendo m'thupi, pomwe chotupachi chinachokera ku maselo a mwini wake, ndipo mankhwala ochipweteka amapwetekanso mwiniyo.

Awiri amene akukuuzaniwo, lomustine ndi bevacizumab, anayesedwa pamodzi ku Ulaya pa odwala oposa 400, zotsatira zake n'kutuluka mu 2017. Olandira onse awiri, chotupa chinaima miyezi pafupifupi 4, pomwe kwa omwa lomustine yekha chinaima mwezi ndi theka. Koma kutalika kwa moyo kunali pafupifupi chimodzimodzi, miyezi 9 mbali zonse. Ndalemba izi dzanja likunjenjemera, koma sindingakubisire, chifukwa mawa ukhala pamaso pa adokotala ndipo uyenera kudziwa chimene ukuvomera.

Sindikuti mukane ayi. Bevacizumab imachepetsa kutupa kwa mu ubongo. Mutu ukhoza kuleka kuwawa, mawu akhoza kubwerera, ndipo mwina angachepetse dexamethasone uja wawatupitsa nkhope ndi kuwasowetsa tulo. Miyezi ingapo yoti bambo adye patebulo ndi ana ake, ndani angaipeputse? Kungoti bevacizumab, imene amapereka m'diripi, imakweza BP, imachedwetsa zilonda kupola, ndipo nthawi zina imayambitsa kutaya magazi kapena kuundana kwa magazi m'mitsempha. Lomustine ndi makapisozi omwa kamodzi pa masabata 6, ndipo zovuta zake zimabwera mochedwa: pakatha mwezi ma platelet, othandiza magazi kuundana pabala, amatsika. Ukaona nkhama zikutuluka magazi, mikwingwirima pakhungu, kapena thupi litatentha, musadikire kuti kuche.

Ukawafunse adokotala mosapita m'mbali kuti, “Mankhwalawa cholinga chake n'kuwonjezera masiku kapena kupepuza masikuwo?” Ufunsenso ngati kachidutswa ka chotupa kanapimidwa ngati kali ndi kachilema ka mu DNA kotchedwa BRAF V600E. Sikapezeka kawirikawiri mwa akuluakulu a glioblastoma, koma kakapezeka pali mapiritsi ena awiri, dabrafenib ndi trametinib, opangidwira kachilema kameneko. Ngati ku Johannesburg kumeneko kapena kwina kuli kafukufuku amene angawalandire, akuuzeni.

Za poloti ija, usagulitse msanga. Bevacizumab ndi yodula kwambiri, yamba wamva zimene medical aid ilipire. Ana awiriwo adzafuna pokhala. Ndamvanso kuti azakhali awo akufuna kutumiza mizu. Akuchita chifukwa cha chikondi, usawakalipire, koma chilichonse cholowa m'kamwa adokotala adziwe kaye, chifukwa chiwindi chili kale pantchito yaikulu.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi ichi: pafoni ponse paja unkati “ndaganiza”, “ndisankha”. Nanga mkamwini wangayo akuti chiyani? Ndinaona mabanja ambiri akunong'onezana pakhonde la wodi, wodwala ali maso m'katimo, akumva zonse. Matenda a mu ubongo amalanda mawu mosachenjeza. Mufunse lero, akadali kuyankhula, ngati akufuna madiripi ena kapena kukhala kunyumba, ndi zimene akufuna ana adzamve kuchokera kwa iye. Ndipo a palliative care muwaitane tsopano, amathandiza ululu ndi khunyu ngakhale munthu akulandirabe mankhwala.

Pasipoti yanga ili bwino, ndaiona. Mchimwene wako andigulira tikiti ya basi mwezi ukatha. Ndidzaphika, ndidzachapa, ndidzagona ndi ana, iwe upume. Zotsatira za magazi zikatuluka, unditumizire pa WhatsApp ndizione.

Ndine mayi ako.