Tiphunzitseni ife makolo, mwana amagona kwathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'nyuzipepala yanu ngati bambo wa mtsikana wa zaka 7 yemwe sayenda ndipo mawu ake ndi owerengeka, koma amaseka mpaka misozi akamva ndikupala thabwa. Ndine kalipentala, ndimakhala ku Chinamwali muno mu Zomba. Sindikupempha ufa kapena bulangete. Ndikudandaula zaka zitatu zomwe ine ndi mayi a kunyumba tinataya chifukwa panalibe wotiuza chochita ndi mwana wathu.

Mwanayu anabadwa mayi ake atavutika usiku wonse, ndipo sanalire msanga. Anakhala masiku angapo m'chipinda cha makanda, kenako anatitulutsa osatiuza kanthu. Pofika miyezi 6 khosi linali lisanalimbe. Anzake akukwawa, iye anali chigonere, manja atafumbata, miyendo ikuuma ukamamusambitsa. Ku sikelo mayi ake sanajombepo. Amamupachika pa sikelo, kulemba kulemera m'buku, kubaya katemera, basi wotsatira. Akafunsa za khosi, yankho linali lakuti ana amasiyana, akhala yekha nthawi ikakwana. Sindikuwada omwe ankayankha choncho. Munthu mmodzi pa mzere wa amayi osaoneka mathero ake angatani, makamaka ngati nayenso sanaphunzitsidwe zoyang'ana?

Pomwe achipatala akhala chete, pamudzi pamayankhulidwa zambiri. Achibale anga ankati kumtundu kwathu kulibe zotere, zachokera kuchikazi. Akuchikazi ankanong'ona kuti ine ndinamukhwimira mwana kuti shopu iziyenda. Ndinamva ndekha pa maliro, ndili kuseri kwa nyumba ndikukhoma bokosi. Bwenzi nditalemeratu, koma njinga yomwe ndinali nayo ndinagulitsa kulipira asing'anga awiri, ndipo mayi ake anagona kuphiri kangapo akusala kudya. Pemphero sindilinyoza, mpaka lero timapemphera. Koma palibe mwa anthu onsewa anatiuza kuti kadyetsedwe kathu ndi komwe kankamudwalitsa.

Tinadziwa atagonekedwa kachitatu ndi chibayo. Mayi wina wa mafizo ankadutsa m'wodi ndipo anaona mayi ake atamugoneka chagada pamiyendo, akumuthira phala lamadzimadzi m'kamwa, mwana akutsamwa. Anaima, nakoka mpando. Anatiuza kuti vutoli dzina lake ndi cerebral palsy, kuti ubongo unavulala posowa mpweya pobadwa, kuti bala la mu ubongolo silikula koma mfundo zimauma ngati mwana angosiyidwa chigonere. Anationetsa kumukhazika tsonga, mutu wowongoka, chibwano chotsikirako pang'ono. Phala likhale lolimbirako, chifukwa lamadzi limathamanga n'kulowera njira ya mpweya, ndiye chibayo chija. Sipuni yaing'ono, kuika pang'ono, kudikira ameze, osamukakamiza akatopa. Zonsezi sizinapitirire mphindi 20. Kuyambira tsiku limenelo mwana wathu sanagonekedwenso ndi chibayo. Ndikaganiza kuti mawu a mphindi 20 tinawadikira zaka zitatu, mtima umandiwawa kuposa mmene zinandiwawira zonena za pamaliro zija.

Mayi yemweyo anandijambulira papepala mpando wa ngodya, wokhala ndi kathebulo kutsogolo ndi kamtengo kolekanitsa maondo. Ndinaukhoma tsiku limodzi ndi zidutswa za paini zotsala. Kwa nthawi yoyamba mwana anakhala pakhonde n'kumaona anthu akudutsa, osati malata a denga. Manja atapeza pogona anayamba kufikira kapu. Anatiphunzitsanso kumuonetsa zinthu ziwiri, nthochi ndi mbatata, n'kudikira mpaka ayang'ane chomwe akufuna. Kudikirako ndiye kovuta, ife akuluakulu timafulumira kumuyankhira mwana. Lero amaloza, ndipo akakana wakana. Ndinamvanso kuti mipando yotere ena amaumba ndi makatoni ndi phala la ufa, ikauma imalimba ndithu, ndiye ngakhale kopanda kalipentala zingatheke.

Tsono tawerengerani nane, akonzi. Mwana akapita ku mafizo kamodzi pa mwezi, wa mafizo amamugwira mwina theka la ola. Masiku ena onse a mweziwo ali m'manja mwa mayi ake, agogo ake, kapena mchemwali wake wa sitandade 5. Ndiye wofunika kuphunzitsidwa kwambiri ndani? Ife a ku Chinamwali tili pafupi ndi tauni, tikhoza kukwera kabaza. Nanga mayi wa ku Kachulu kunyanja ya Chilwa, wa ku Mayaka, kapena wa ku Chingale kuseri kwa phiri, nthawi ya dzinja msewu utaterera? Mwana wa zaka 6 kumsana si khanda, ndipo tsiku lapaulendolo ndi tsiku lomwe ganyu wapita, geni yaima. Amabwera kawiri katatu, kenako amasiya. Pamenepo timati makolo a kumudzi ndi osasamala, chonsecho angotopa.

Pempho langa ndi lakuti maphunzirowa atsikire komwe amayi amasonkhana kale. Sikelo ilipo mwezi ndi mwezi, mpaka pansi pa mtengo m'midzi yakutali. Alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse. Sukulu za mkombaphala zili pafupifupi paliponse. Mlangizi ataphunzitsidwa kufunsa ngati mwana walimba khosi, wakhala, akutembenuka ukamuitana, akuloza, vuto likhoza kugwidwa mwana asanathe chaka. Timati mmera mpoyamba, koma pa ana awa timayamba mbewu itapserera. Zida zake sizochita kuitanitsa kunja. Akatswiri anakonza kuno ku Malawi konkuno njira yoyezera kakulidwe ka mwana yotchedwa MDAT, yogwirizana ndi moyo wa ana a kumudzi kwathu. Nalo bungwe la WHO lili ndi maphunziro a makolo otchedwa Caregiver Skills Training, a mikumano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu oyendera banja pakhomo, ndipo anawakonza dala kuti aziphunzitsidwa ndi anthu omwe si madokotala. Chikuletsa n'chiyani kuti khonsolo ya boma lino iyese, ngakhale kuyambira dera la mfumu yaikulu imodzi, kaya kwa Mwambo kaya kwa Chikowi?

Za khunyu ndiye musanene. Ana ambiri ovulala ubongo, kaya pobadwa, kaya ndi chikasu cha ukhanda, malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, amagwanso khunyu. Mpaka lero anthu amathamangira kulowetsa sipuni m'kamwa mwa mwana wakugwa, ena amathawa poopa kuti thovu liwapatsira. Khunyu sapatsirana. Chofunika ndi kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumugoneka cham'mbali, osamuika kanthu m'kamwa, ndipo kukomokako kukapitirira mphindi 5 kuthamangira kuchipatala. Mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku, sasiyidwa chifukwa mwana waoneka bwino. Ndaona zipsera za moto pa manja a ana zomwe mawu ochepa ngati awa akanaletsa.

Pali ana enanso omwe miyendo ili bwinobwino koma sayankhula, sayang'ana munthu m'maso, amatseka makutu chigayo chikalira, ndipo ukangotembenuka athawira kumsewu. Achipatala amati autism. Pamudzi amangoti ndi wopusa, kapena mayi ake anamulekerera. Ndikudziwa khomo lina komwe mnyamata wotere amatsekeredwa m'nyumba mayi akapita kumsika. Ndinkawaweruza mumtima, mpaka tsiku lina anandifunsa kuti, "Achimwene, ndimusiyire ndani? Ndikapanda kugulitsa tomato tidya chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ena amaganiza kuti poti mu Zomba muli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, mwana wotere angokasiyidwa kumeneko. Uyu si wamisala. Akufunika mayi wophunzitsidwa kumvana naye, ndi anthu ena awiri atatu oti mayiyo akatopa amulandireko.

Mawu awiri kwa abambo anzanga, ndipo ndiyankhula mosapsatira. Ku mafizo ndimakhala mwamuna ndekha pa benchi, mpaka amayi amandisekerera ngati ndasochera. Kuno kwathu ambiri tili pa chikamwini, ndipo mwana akabadwa chonchi n'kosavuta mwamuna kunyamula kachikwama n'kunena kuti akukasaka ganyu ku Joni. Nanenso maganizo amenewo anandifikira, sindinama. Chinandigwira ndi mpando uja. Nditaona kuti pali chomwe manja anga angachite, manyazi anachepa. Ndiye okonza maphunziro musamangoitana amayi. Itanani bambo, itanani malume ake a mwana poti ndiwo eni mbumba, itanani agogo omwe amatsala naye masana. Mayi akaphunzira yekha n'kubwerera kunyumba, apongozi amamuuza kuti phala lolimba limupha mwana, ndipo zomwe waphunzira zimathera pomwepo.

Malamulo tili nawo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo la aulumali, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano lomwe linasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018, wochitidwa ndi ofesi ya NSO yomwe likulu lake lili mu Zomba momwemuno, anapeza kuti anthu pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Taonani pomwe chiwerengerocho chayambira. Makanda ndi ana a zaka ziwiri zitatu, omwe thandizo lingawasinthe kwambiri, mulibemo. Pa 3 December, tsiku lokumbukira anthu aulumali pa dziko lonse, timavala malaya olembalemba, kuguba, kumvera zoyankhula za akuluakulu, mawa lake mayi uja wabwerera ku sipuni yake ndi phala lamadzi. Ndalama ya msonkhano umodzi wa kunyanja ingaphunzitse alangizi angati?

Komanso mzinda uno si wosauka anthu ophunzira. Tili ndi University of Malawi, tili ndi koleji ya aphunzitsi ku Domasi, ndipo koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chisamaliro chapadera ili pafupi pompa ku Chiradzulu. Ophunzira a m'malo amenewa amafuna kochitira zoyeserera. Bwanji osawalumikiza ndi magulu a makolo, monga a bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, kuti azikumana nafe Loweruka m'kalasi ya pulayimale kapena m'tchalitchi ngakhale pa mzikiti? Ife tinayamba tokha, mabanja 6, timakumana pakhonde la shopu yanga. Timaphunzitsana zomwe aliyense anatola, timasonkha kangachepe ngati banki m'khonde kuti wina akasowa thiransipoti tim'thandize, ndipo mayi mmodzi akafuna kupita ku maliro kwawo, mnzake amatsala ndi mwana. Koma nzeru zathu zili ndi malire. Sabata yatha tinakangana ola lonse ngati mwana wouma miyendo ayenera kuimiritsidwa kapena ayi, ndipo tinabalalika osagwirizana, poti panalibe wodziwa woti atilamule.

Mtsikana wathu tsopano akulemera, msana wa mayi ake wayamba kudandaula, ndipo nkhani ya sukulu ikutidikira. Pepala lomwe mayi wa mafizo anandijambulira ndinalisunga m'kope la miyezo ku shopu, lada ndi guluu koma likuwerengeka. Akuofesi ya zaumoyo kapena ya chisamaliro cha anthu akakonza tsiku, ndidzabwera nalo pamodzi ndi sowo ndi hamala, ndiwaonetse akalipentala anzanga a ku Jali, Thondwe ndi Songani kakhomedwe kake. Matabwa otsala aliyense ali nawo.

Bambo wa mwana,
Chinamwali, Zomba