Mtengo wa purosesa si umboni wa ubwino wake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chikhulupiriro chimene chazika mizu pakati pa ogula makompyuta, choti purosesa (kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta) yodula ndiyo yabwino ndipo yotsika mtengo ili ndi kachilema kobisika. Maganizo amenewa amadyera wogula masuku pamutu, komanso amalimbikitsa kampani imene ili kale pamwamba, pakuti mtengo wa purosesa umatsatira kwambiri mphamvu za opikisana nawo pamsika kusiyana ndi ndalama zimene zalowa poipanga.

Mbiri ya Intel ndi AMD, makampani awiri opikisana popanga mapurosesa, ikuonetsa zimenezi poyera. Kwa zaka pafupifupi khumi, mapurosesa a Intel a makompyuta wamba a padesiki sankapitirira ma core 4 (core ndi gawo la mkati mwa purosesa limene limagwira ntchito palokha), ndipo pofika 2016 munthu wofuna ma core 8 ankagula Core i7-6900K pa madola oposa 1,000 a ku America. Ambiri ankavomereza mtengowo poganiza kuti luso lotere silingatheke motchipa. Koma mu Marichi 2017 AMD inatulutsa Ryzen 7 1800X ya ma core 8 pa madola 499, ndipo pa ntchito zolemetsa monga kukonza makanema inkayenda phazi ndi phazi ndi inzake yodulayo. Chaka chisanathe Intel inaika ma core 6 mu Core i7-8700K, ndipo mu 2019 purosesa yake ya ma core 18 inatsika kuchoka pa madola 1,979 kufika pa 979, chikhalirecho kapangidwe ka mkati sikanasinthe kwenikweni. Ndimadzifunsa kuti madola 1,000 amene anachotsedwawo ankalipirira chiyani.

Tikalowa m'fakitale nkhaniyi imamveka bwino. Pa mbale imodzi yopyapyala ya silikoni amadulapo tizidutswa ta mapurosesa tambirimbiri topangidwa mofanana, kenaka amatiyeza kamodzikamodzi. Kachidutswa kamene kathamanga kwambiri popanda kutentha kamapatsidwa dzina lapamwamba ndi mtengo wokwera, pamene kamene kapezeka ndi core yolakwika amakatseka mbaliyo n'kukagulitsa ndi dzina lotsikirapo. Nthawi zina amatseka ngakhale mbali yabwinobwino pofuna kuti msika wa anthu a ndalama zochepa usasowe katundu, komanso kuti purosesa yapamwambayo isataye ulemu wake. Intel inachita zoterezi mu 1991 ndi 486SX, imene poyamba inali 486DX yozimitsidwa gawo lowerengera masamu ovuta. Choncho kusiyana kwa mitengo iwiri kawirikawiri kumaposa kusiyana kwa ntchito imene wogula angaione ndi maso.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti kampani yolowa pamsika ndi mtengo wotsika imanyozedwa chifukwa cha kutchipako. AMD inali ndi Athlon 64 mu 2003, purosesa imene akatswiri ambiri anaiyamikira, koma dzina loti ndi ya anthu osowa ndalama linaikakamirabe. Panalinso zochitika kuseri: mu 2009 European Commission, bungwe loyendetsa ntchito za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, inalamula Intel kulipira chindapusa cha mayuro 1.06 biliyoni chifukwa cha kuchotsera mitengo makampani monga Dell ndi HP pofuna kuti azigula mapurosesa awo onse kapena pafupifupi onse kwa iyo. Khoti linadzathetsa chindapusacho mu 2022, ngakhale kuti mu 2023 bungweli linaikanso china cha mayuro 376 miliyoni pa mbali ina ya mlanduwo. Mu 2009 momwemo Intel inalipira AMD madola 1.25 biliyoni kuti milandu ya pakati pawo ithe.

Sindikunena kuti AMD ndi yachifundo. Itangoona kuti yatsogola mu 2020, inagulitsa Ryzen 5 5600X pa madola 299, pamene 3600X ya chaka chapitacho inali pa 249. Aliyense wokhala pamwamba amakweza mtengo, ndipo ogula akamautenga ngati chizindikiro cha ubwino amamupatsa chilolezo chopitiriza.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti pamene mukulemba za makompyuta, muzitiuza nthawi imene purosesa iliyonse yatenga pomaliza ntchito yodziwika, magetsi amene yadya ndi kutentha kwake, ndipo manambalawo muziwaika pafupi ndi mtengo wake.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu