Ife a ku Joni sitinathawe abale

Akonzi,

Mundilole ndiyankhepo pa mawu omwe amatilasa nthawi zonse tikapita kumudzi pa Khirisimasi, akuti ife a ku Joni tinathawa abale. Ndisanabwere kuno ndinkaphunzitsa sayansi ya zamoyo ku sekondale, ndipo nkhaniyi ndimaiona mwina.

Kwathu ku Ntcheu tinabadwa asanu ndi awiri, munda wa amayi ndi umodzi. Tikanatsala tonse, bwenzi pano tikutengerana kwa amfumu chifukwa cha malire a mizere.

Mu 1977 akatswiri awiri, William Hamilton ndi Robert May, anasonyeza ndi masamu kuti ngakhale pamalo pakhale pabwino chotani, kholo limapindula ana ake ena akabalalika, ngakhale ambiri mwa ochokawo athere panjira. Otsala onse amalimbirana malo amodzi, ndipo wopambana amagwetsa m'bale wake yemwe, mtundu wa kholo osachuluka. Mlimi aliyense amene anapatulirapo chimanga pa phando akudziwa zimenezi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti mpikisanowu umafika mpaka pa kabereke. Kumene ana sachoka, mayi wobereka ambiri amangotaya mphamvu zake, pakuti anawo aphana okhaokha ndi njala. Kumene ana amamwazikana, kubereka ambiri kumalipira. Nyama siiganiza zimenezi ayi, mibadwo ndiyo imasefa pang'onopang'ono. Mu 1978 Anne Clark analemba za achanga a kuno ku South Africa. Mwana wamkazi wa changa amatsala pafupi ndi make, kudya nawo utomoni ndi zipatso za mitengo yomweyo, pamene wamwamuna amapita kutali. Clark anapeza kuti achanga aamuna amabadwa ochuluka kuposa aakazi. Nditawerenga ndinakumbukira chikamwini chathu: alongo amatsala pa dothi la amayi, ife amuna timanyamuka.

Anthu si achanga, ndikudziwa, ndipo ulendowu uli ndi mtengo wake. Amene tinali muno mu May 2008, ziwawa zothamangitsa anthu ochokera m'mayiko ena zitabuka ku Alexandra, dera la muno mu Joni, tinagona m'mapolisi ndi zofunda zokha. Komabe sindivomera kuti kuchoka kwanga kunali kutaya abale. Anyamata anayi tinachoka, alongo athu atatu anagawana mundawo popanda mlandu, ndipo mwezi watha ndawatumizira ndalama ya feteleza wobereketsa.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg