Dandaulo kwa kampani imene inatifolera holo ya mpingo wathu ku Salima

Akuluakulu a kampani, ndikulemba pa tsamba lanu la Facebook m'dzina la komiti ya zomangamanga ya mpingo wathu kuno ku Salima, chifukwa makalata athu awiri sanayankhidwe, ndipo bwana amene ankayang'anira ntchito kuno sakuyankhanso foni.

Mukumbukira kuti ife tinkafuna kufolera ndi malata. Ndinu amene munatilimbikitsa kusankha denga la chinsalu chopepuka cholowetsa kuwala, ndipo zifukwa zanu zinali zomveka: m'mwezi wa Okutobala kuno kunyanja holo ya malata imasanduka ng'anjo, mvula ikamagwa wolankhula samveka, ndipo magetsi akathima anthu amakhala mumdima dzuwa likuswa mtengo. Munatisonyeza zithunzi za bwalo la Moses Mabhida ku Durban, limene linamangidwa pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, n'kutiuza kuti denga lathu likhala la mtundu womwewo. Pa kuwalako simunaname, pakuti miyezi yoyambirira ngakhale agogo ankawerenga buku la nyimbo masana popanda kuyatsa getsi.

Koma injiniya wina amene tinamuitana kuchokera ku Lilongwe atakwera pamwamba anatiuza kuti chinsalu chathu si cha mtundu wa ku Durban. Cha kumeneko n'cholukidwa ndi ulusi wagalasi wokutidwa ndi pulasitiki yotchedwa PTFE, pamene chathu n'cha poliyesitala wokutidwa ndi pulasitiki ina yotchedwa PVC. PVC payokha si yoipa, ndipo nyumba zambiri zimafoleredwa nayo, koma ndi yotsika mtengo ndipo pa dzuwa loswa ngati la ku Salima imakalamba msanga poyerekeza ndi inayo. Titabwerera ku kontirakiti tinapeza kuti dzina la chinsalucho simunalilembe paliponse, ndipo ife, posadziwa kusiyana kwake, tinasayina.

Chimene chikutisowetsa tulo kwambiri ndi kakungidwe kake. Denga lotere lilibe mphamvu ina kupatula kukungika, monga chikopa cha ng'oma, ndipo liyenera kupendekeka bwino kuti dontho lililonse litsetsereke. Chinsalu chatsopano chimatamuka pang'ono pakapita miyezi, choncho oikawo amayenera kubweranso kudzamangitsa zingwe zachitsulo ndi mabauti. Inuyo munalonjeza zimenezi pamaso pa abusa ndi komiti yonse, koma simunabwere. Mvula ya mu Januwale itafika, madzi anayamba kudikha pakati pa nsanamira yachitatu ndi yachinayi. Pamene padikha madzi pamazama, pakazama pamasonkhana madzi ochuluka, ndipo chinsalu chikatamuka motero sichibwereranso mwakale. Ndinaona ndi maso anga alonda athu, bambo achikulire, atakwera pa benchi ndi nsungwi yaitali yokulungidwa nsanza kumapeto, akukankha chimimba cha madzi chimene chinalendewera pamwamba penipeni pa malo okhala ana. Anatero mbandakucha uliwonse mvula ikagwa usiku, ndipo pamene pankadikha madzi pali ndere zobiriwira zimene zatsekereza kuwala kumene tinalipirira.

Mwera utayamba kuomba mu Juni, denga lokhwepalo linayamba kukupiza usana ndi usiku, moti pa ukwati wina akwaya anasiyira nyimbo panjira chifukwa sankamvana okhaokha. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, amaudziwa mwera ndi miyezi yake, ndipo wofolera nyumba yaikulu kuno sanganene kuti mphepoyo inamudzidzimutsa. Lero msoko wa mbali ya kummwera wamatuka kutalika kwa mkono, ndipo mabauti awiri tinawatola pansi posesa. Mbali imeneyo taitchinga ndi chingwe, ndipo ana a Sande sukulu abwerera pansi pa mtengo wa mango.

Ndalama zimene munalandira sizinachokere kwa munthu wolemera. Zinachokera kwa amayi amene ankagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, kwa asodzi amene ankapatula pa malonda a usipa, ndi kwa alimi a ku Lifuwu amene ankapereka matumba a mpunga, ndipo ndi anthu amenewa amene amandiimitsa pa msika wa Kamuzu Road kufunsa kuti dengalo lidzakonzedwa liti.

Tikupempha kuti mutilembere kalata yotchula dzina lenileni la chinsalucho, kumene chinapangidwa ndi zaka zimene opangawo anachitsimikizira. Mutumize amisiri odziwa ntchitoyi adzamate msoko ndi makina ake otenthetsera, osati ndi guluu, adzakungenso denga lonse, ndipo ngati chigawo chotamukacho sichingakonzeke, muchisinthe pa ndalama zanu. Zonsezi zichitike mwezi wa Okutobala usanathe, mvula yoyamba isanagwe. Mukapitiriza kukhala chete, komiti yagwirizana kale kuti tidzatula nkhaniyi ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi kontirakiti, malisiti ndi zithunzi zonse. Makiyi a holo ali kwa alonda tsiku lililonse, ndipo makwerero tidzabwereka tokha.